Chifukwa Chake Dokotala wa Ziweto Amafunsa Nthawi Imene Galu Anadya Asanamuyeze Magazi

Eni agalu ambiri amadabwa akauzidwa kuti asapatse galu wawo chakudya usiku wonse asanapite naye kukayezetsa magazi, ndipo amadabwa koposa ulendo wina akamva dokotala yemweyo akunena kuti tsopano galuyo adye monga mwa masiku onse. Ena amalandira pepala la zotsatira lokhala ndi manambala angapo osonyezedwa kuti ndi okwera, kenako n'kuuzidwa kuti asade nkhawa chifukwa galuyo anali atangodya kumene. Malangizowa amamveka ngati akutsutsana, koma onse amachokera pa mfundo imodzi, yakuti magazi sakhala chimodzimodzi tsiku lonse, ndipo chakudya chikalowa m'thupi chimasintha zimene zili m'magaziwo kwa maola angapo. Nambala ya pa pepala la ku labotale imamveka bwino pokhapokha ngati woiwerengayo akudziwa nthawi imene galu anadya komaliza, zimene anadya, ndiponso cholinga chimene magaziwo anatengedwera.

Kusala chakudya ndi malire a agalu athanzi

Pa nkhani yoyeza magazi, kusala kumatanthauza kuti galu asadye kanthu kwa maola 8 mpaka 12, ndipo ma labotale ambiri amakonda maola 12 ngati akufuna kuyeza mafuta. Tizakudya tomunyengerera, fupa lotafuna kapena kanyama kobisiramo piritsi, zonsezi zimawerengedwa kuti ndi chakudya. Madzi okha ndiwo samanidwa, ndipo mwini galu amene amachotsa mbale ya madzi poganiza kuti akutsatira malangizo mosamala amasokoneza zotsatira m'njira ina, pakuti thupi likachepa madzi magazi amakhuthala, ndipo mapuloteni, maselo ofiira ndi zinthu zoyezera impso zimaoneka zokwera.

Pambali pa nambala iliyonse ya galu wanu, pepala limasonyeza malire awiri, otsika ndi okwera. Malirewa amapezeka poyeza gulu la agalu athanzi n'kutenga manambala a agalu 95 mwa 100 aliwonse amene ali pakati, kusiya ochepa a kumapeto konse kuwiri. Kaganizidwe kameneka kanakhazikitsidwa bwino mu 1969 ndi akatswiri awiri a ku Finland, Ralph Gräsbeck ndi Nils-Erik Saris, amene ankatsindika kuti munthu woyezedwa ayenera kuyerekezedwa ndi gulu lodziwika bwino, lomwe magazi ake anatengedwa mofanana ndi ake. Popeza agalu opangira malirewa nthawi zambiri amakhala atasala, galu amene wadya maola awiri apitawo akuyerekezedwa ndi anzake omwe sali mumkhalidwe wofanana naye. Ndi bwinonso kudziwa kuti ngakhale zonse zitachitika molondola, galu wathanzi mmodzi mwa 20 amagwera kunja kwa malire pa chinthu chimodzi choyezedwa, ndipo pakayezedwa zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chituluke kunja umaposa theka.

Mafuta m'magazi

Pa zonse zimene chakudya chimasintha, mafuta ndiwo amavutitsa kwambiri, ndipo mbiri yake inayambira pa galu. Mu 1622 dokotala wa ku Italy, Gaspare Aselli, anang'amba galu amene anali atangodya kumene, m'njira imene masiku ano singaloledwe, ndipo anaona timitsempha toyera tambirimbiri tikuchokera m'matumbo. Atadula kamodzi, munatuluka madzi onga mkaka. Atang'amba galu wina wanjala sanaone timitsemphato, koma atabwereza pa galu wodyetsedwa tinaonekanso. Iye ankaganiza kuti madziwo amapita ku chiwindi, kufikira mu 1651 pamene Jean Pecquet wa ku France anasonyeza, pa agalunso, kuti amakwera kudzera m'njira ya pachifuwa n'kukathiridwa m'mitsempha ikuluikulu ya magazi pafupi ndi mtima. Timibulu ta mafuta timene timayeretsa madziwo tinapatsidwa dzina lakuti chylomicron mu 1920 ndi Simon Henry Gage wa pa yunivesite ya Cornell.

Zimene Aselli anaona ndi zimene zimachitika mwa galu aliyense akadya. Mafuta a m'chakudya amagayidwa m'matumbo aang'ono, amakulungidwa m'timibulu timeneti, ndipo amalowa m'magazi ali mafuta otchedwa triglyceride. Kuchuluka kwake kumafika pamwamba pakati pa maola 2 ndi 6 galu atadya, kenako kumatsika pang'onopang'ono pamene minofu ndi malo osungira mafuta zikuwachotsa m'magazi. Magazi a galu wotere akapukusidwa m'makina kuti maselo atsikire pansi, madzi otsala pamwamba, amene amayenera kukhala oyera mooneka kutsidya, amatuluka a mbuu. Kuderaku kumayamba kuoneka ndi maso triglyceride akafika pa 200 mpaka 300 mg/dL (mamiligalamu pa mamililita 100 aliwonse), ndipo akapitirira 1,000 madziwo amaoneka ngati mkaka weniweni.

Vuto lalikulu si lakuti nambala ya mafuta yakwera, pakuti zimenezo zimayembekezereka, koma lakuti mafutawo amasokoneza kayezedwe ka zinthu zina zosakhudzana nawo. Makina ambiri a m'labotale amagwira ntchito powalitsa kuwala kudzera m'madzi a magazi osakanizidwa ndi mankhwala, n'kuwerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwadutsa. Munthu akaunika ndi tochi kapu ya madzi oyera kuwala kumadutsa bwinobwino, koma akadonthezamo mkaka pang'ono kuwalako kumamwazika, ndipo makina sangasiyanitse kuwala komwe kwatayika chifukwa cha chinthu chimene akuyeza ndi komwe kwatayika chifukwa cha mafuta. Motero hemoglobin, imene imanyamula mpweya m'maselo ofiira, ingaoneke yochuluka kuposa mmene ilili, bilirubin, imene ndi chinthu chachikasu chomwe chiwindi chimachotsa m'magazi, ingaoneke yokwera n'kuchititsa dokotala kukayikira chiwindi chopanda vuto, mapuloteni oyezedwa ndi kachipangizo kodalira kupindika kwa kuwala amakwera monama, ndipo pa makina amene amayamba asungunula magazi asanayeze, sodium amaoneka wotsika. Mafuta ochuluka amafewetsanso maselo ofiira kotero kuti amasweka mosavuta m'kabotolo, ndipo kufiira kotulukamo kumawonjezera chisokonezo china. Ma labotale akuluakulu ali ndi makina opukusa mwamphamvu kwambiri kapena mankhwala ochotsa mafutawo, koma si chipatala chilichonse cha ziweto chimene chili nazo.

Kusala kumathandizanso m'njira ina imene eni agalu saiganizira kawirikawiri. Ngati galu wasala maola 12 enieni koma madzi a magazi ake akadali a mbuu, chimenecho sichilinso chotsatira cha chakudya koma chizindikiro chofunika kuchifufuza. Chimapezeka mwa agalu odwala shuga, amene chithokomiro chawo chikugwira ntchito mofooka, odwala matenda a Cushing, pamene thupi limatulutsa mahomoni ochuluka otchedwa cortisol, ndiponso ena otupa kapamba. Agalu a mtundu wa Miniature Schnauzer amadziwika kuti ambiri amabadwa ndi chizolowezi chokhala ndi triglyceride wokwera, makamaka akamakula, ndipo a mtundu wa Shetland Sheepdog ena amakhala ndi kolesitulo wokwera. Pali njira yakale yosavuta yosiyanitsira mitundu ya mafutawa, yomwe ndi kugoneka kabotolo m'firiji usiku wonse: mafuta ochokera m'matumbo amayandama n'kupanga kansalu koyera pamwamba, pamene opangidwa ndi chiwindi amatsalabe omwazika m'madzimo. Galu akabwera atadya, chizindikiro chonsechi chimabisika, chifukwa palibe angadziwe ngati kuderako kwachokera m'mbale kapena m'matenda.

Shuga

Anthu ambiri amayembekezera kuti shuga ndiye amasintha kwambiri ndi chakudya, koma mwa galu wamkulu wathanzi kusinthako kumakhala kochepa. Shuga wa m'magazi ake amakhala pafupifupi pakati pa 70 ndi 120 mg/dL, amakwera pang'ono akadya, ndipo insulini yochokera ku kapamba imamubwezeretsa pasanathe maola ambiri. Galu akasala, chiwindi chimatulutsa shuga kuchokera m'nkhokwe yake ndiponso kupanga wina kuchokera ku mapuloteni. Claude Bernard anaonetsa zimenezi ku Paris mu 1848 atapeza shuga m'magazi a agalu odyetsedwa nyama yokhayokha ndi osadyetsedwa konse, ndipo mu 1857 anapeza glycogen, amene ndi nkhokweyo. Mu 1889 Joseph von Mering ndi Oskar Minkowski ku Strasbourg anachotsa kapamba mwa galu ndipo galuyo anadwala shuga, zomwe zinatsegula njira yopezera insulini ku Toronto mu 1921.

Choncho shuga wokwera pang'ono mwa galu amene wadya posachedwa sakwanira kunena kuti akudwala. Madokotala amafuna kuona shuga wokwera mosalekeza galu atasala, limodzi ndi shuga mumkodzo, amene amayamba kutulukiramo shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 180 mpaka 220 mg/dL. Akakayikabe amayeza fructosamine, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira m'masabata awiri kapena atatu apitawo ndipo sitengera chakudya cha tsikulo. Poyerekeza ndi amphaka, amene shuga wawo amakwera kwambiri chifukwa cha mantha a kuchipatala, agalu sasokoneza kwenikweni mwa njira imeneyi. Shuga wotsika nayenso akhoza kukhala wonama, chifukwa maselo a m'kabotolo amapitiriza kumudya, pafupifupi magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse pa ola, ngati sanalekanitsidwe msanga ndi madzi ake.

Zoyezera impso

Urea ndi chotsalira cha mapuloteni chimene chiwindi chimapanga ndipo impso zimachotsa. Galu akadya nyama yambiri, urea amakwera kwa maola angapo ngakhale impso zili bwinobwino, ndipo zomwezo zimachitika galu akamataya magazi m'chifu kapena m'matumbo, popeza thupi limagaya magaziwo monga chakudya cha mapuloteni. Creatinine amachokera ku minofu ya galuyo ndipo ndi wokhazikika kuposa urea, komabe nyama yophika imakhala naye kale, motero imatha kumukweza pang'ono.

Kukwera pang'onoko kuli ndi kanthu chifukwa matenda a impso amagawidwa m'magawo potengera manambala oyandikana. Bungwe la IRIS, la akatswiri a matenda a impso a agalu ndi amphaka, lokhazikitsidwa mu 1998, limaika malire a gawo loyamba ndi lachiwiri mwa agalu pa creatinine wa 1.4 mg/dL, ndipo limanena kuti magazi atengedwe galu atasala, ali ndi madzi okwanira m'thupi, komanso kawiri kapena kuposa pa masiku osiyana. Galu amene ali pamalirepo akhoza kuwoloka chifukwa cha chakudya cha m'mawa, monganso galu wa minofu ikuluikulu ngati Greyhound amakhala ndi creatinine wokwererapo mwachibadwa. Phosphorus, amene amayang'aniridwanso pa matenda a impso, amakwera galu akadya nyama.

Pamene chakudya chili mbali ya kuyezako

Kuyeza asidi a ndulu ndiko kumasonyeza bwino kuti kusala si lamulo la nthawi zonse. Asidiwa amapangidwa m'chiwindi, amasungidwa m'ndulu, ndipo chakudya chikafika m'matumbo ndulu imafinyika n'kuwathira m'menemo kuti athandize kugaya mafuta. Pafupifupi magawo 95 pa 100 aliwonse amayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera ku chiwindi, chimene chimawachotsa m'magazi mofulumira ngati chili bwino. Dokotala amatenga magazi galu atasala maola 12, amamupatsa kachakudya kochepa, kenako amatenganso magazi pakatha maola 2. Chakudyacho chimapatsa chiwindi ntchito mwadala, ndipo chiwindi chofooka chimene chikanaoneka bwino pa nthawi yopuma chimalephera kuchotsa asidi onse obwera nthawi imodzi. Njira imeneyi inafala m'zaka za m'ma 1980, makamaka kudzera m'kafukufuku wa Sharon Center wa ku Cornell, ndipo ndi yofunika kwambiri pofufuza agalu obadwa ndi mtsempha wodutsitsa magazi a m'matumbo kumbali osalowa m'chiwindi, vuto limene limapezeka kawirikawiri mwa Yorkshire Terrier ndi Irish Wolfhound. Kachakudyako kamayenera kuchepa ndithu, chifukwa kakachuluka mafuta kamaderetsa magazi n'kusokoneza kuyeza komweko. Nthawi zina nambala yoyamba imatuluka yokwera kuposa yachiwiri, mwina chifukwa ndulu inafinyika yokha galu akadali wanjala, kapena chakudya chinachedwa kutuluka m'chifu.

Galu wodwala shuga amene akubayidwa insulini nayenso sasalitsidwa pomuyeza kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ukukwanira. Amadya ndi kubayidwa monga mwa masiku onse, ndipo shuga amayezedwa pafupifupi maola awiri aliwonse kwa maola 12, chifukwa cholinga n'kuona tsiku lake lenileni. Galu womwa trilostane chifukwa cha matenda a Cushing amamwa piritsilo pamodzi ndi chakudya, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi motero, ndipo kwa nthawi yaitali magazi akhala akutengedwa pakatha maola 4 mpaka 6 galu atamwa piritsilo. Mapiritsi a chithokomiro ndi osiyana, chifukwa chakudya chimachepetsa kuyamwidwa kwake, choncho chofunika n'chakuti tsiku loyeza galu amwe mofanana ndi mmene amamwera masiku ena.

Kumbali ina, TLI, yoyezera ngati kapamba akutulutsa zogayira chakudya zokwanira, imafuna m'mimba mopanda kanthu, chifukwa chakudya chimadzutsa kapamba ndipo chikhoza kukweza nambala imene dokotala akufuna kuona ngati ndi yotsika. David Williams ndi Roger Batt anaikonza ku Liverpool m'zaka za m'ma 1980, ndipo imathandiza kwambiri pa agalu a mtundu wa German Shepherd, amene vutoli limawagwira kawirikawiri. Vitamini B12 ndi folate nthawi zambiri zimayezedwa pa magazi omwewo.

Zakudya za masiku onse

Kusala usiku umodzi sikufafaniza zimene galu wakhala akudya kwa miyezi. Agalu odyetsedwa nyama ya pakhosi yomwe yatsalira tizidutswa ta chithokomiro cha ng'ombe amapezeka ndi mahomoni a chithokomiro okwera, ena mpaka kuonda ndi kusakhazikika, ndipo amachira chakudyacho chikasiyidwa. Mu 2017 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, linachenjeza za vutoli m'zakudya zina za agalu zogulitsidwa. Mwa galu wakhunyu amene akumwa potassium bromide, mchere wa m'chakudya ukachuluka mankhwalawo amatuluka msanga m'thupi, ndipo ukachepa amaunjikana, choncho kusintha chakudya kumasintha mlingo wake m'magazi.

Agalu osayenera kusala mwachisawawa

Ana a agalu ndi agalu a mitundu ing'onoing'ono kwambiri monga Chihuahua ali ndi nkhokwe yochepa ya shuga m'chiwindi, ndipo akhala maola 12 osadya akhoza kufooka, kunjenjemera ngakhale kukomoka. Galu wobayidwa insulini akasala koma n'kulandira mlingo wonse wa jakisoni amakhala pangozi yeniyeni. Galu woganiziridwa kuti ali ndi chotupa cha m'kapamba chotulutsa insulini amasalitsidwa ali kuchipatala komweko, akuyezedwa pafupipafupi. Agalu a bere ndi oyamwitsa nawonso amafuna malangizo awoawo. Pa ngozi yadzidzidzi palibe dokotala amene amadikira kuti maola 12 akwane, amayeza pomwepo n'kuwerenga zotsatira akudziwa kuti galu wadya. Ndi chifukwa chake mwini galu amene waiwala n'kumupatsa chakudya, kapena wapeza kuti galu waba china chake m'mawa, amathandiza kwambiri akanena zoona, pakuti dokotala akhoza kusuntha tsiku kapena kumasulira manambala moyenera, pamene kubisa kungachititse galu wathanzi kuyezedwa zina zambiri zosafunika.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la kutalika kwa nthawi. Maola 8, 10 ndi 12 onse amalembedwa m'malangizo a ma labotale osiyanasiyana, pamene liwiro limene chakudya chimatulukira m'chifu limadalira kukula kwa galu, kuchuluka kwa mafuta, ndiponso ngati chakudyacho n'chouma kapena chonyowa. Sizinakhazikike ngati nthawi imodzi ingakwanire galu wa makilogalamu 3 ndi wa makilogalamu 60.

Madokotala amasiyananso pa kuyeza kwa chaka ndi chaka kwa galu wooneka wathanzi. Ena amati kusala kuyenera kutsatidwa nthawi zonse kuti zotsatira za chaka chino zifanizidwe molondola ndi za chaka chatha, ndiponso kuti magazi oderako asawonongetse ndalama pobwereza. Ena amati zinthu zambiri, monga chiwerengero cha maselo ndi ma enzyme ambiri a chiwindi, zimasintha pang'ono kwambiri ndi chakudya, ndipo lamulo lokhwima limangochititsa eni agalu kuzengereza kubwera, kapena kubweretsa galu wanjala wovuta kumugwira.

Kwa anthu, mabungwe awiri a ku Ulaya oona za mafuta a m'magazi ndi za ma labotale anagwirizana mu 2016 kuti odwala ambiri safunikanso kusala asanayezedwe mafuta, poona kuti munthu amakhala gawo lalikulu la tsiku atadya. Sizikudziwika ngati mfundo yomweyo ingagwire ntchito pa agalu, amene ambiri amadya kamodzi kapena kawiri pa tsiku chakudya chochuluka nthawi imodzi, ndiponso sadwala kawirikawiri matenda otseka mitsempha ya mtima amene kuyezako kumafufuza mwa anthu. Ofufuza ena akuyesa ngati kuyeza triglyceride pa nthawi yoikika galu atapatsidwa chakudya chodziwika kungavumbule msanga vuto mwa mitundu ngati Miniature Schnauzer, koma malire ovomerezeka a kuyeza kotero sanagwirizanidwe. Pomwepo palinso nkhani ya agalu odyetsedwa nyama yaiwisi kapena zakudya za mapuloteni ochuluka kwambiri, amene urea wawo angakhale wokwererapo ngakhale atasala, ndipo funso lidakalipo ngati agalu oterewa ayenera kukhala ndi malire awoawo, kapena ngati galu aliyense ayenera kuyerekezedwa ndi zotsatira zake zakale m'malo mwa gulu.